Ngongole ya Munthu kwa Nyama Zakutchire

Malo opulumutsirako nyama zakutchire amalandira nyama zovulala, zamasiye ndiponso zolandidwa kwa anthu amene amazisunga kapena kuzigulitsa mophwanya lamulo. Ntchito yake ndi kuzichiritsa n'kuzibwezera kutchire, ndipo zokhazo zimene sizingathenso kudzidalira ndizo zimakhala pamalopo mpaka imfa. Malo otere amasiyana ndi zoo, kumene nyama imasungidwa kuti anthu azilipira poiona, ndipo amasiyananso ndi nkhalango zotetezedwa ngati Liwonde kapena Kasungu, kumene nyama zimadzisakira zokha chakudya. M'Malawi, odziwika kwambiri ndi a Lilongwe Wildlife Centre, amene anakhazikitsidwa mu 2007 m'nkhalango ya m'mbali mwa mtsinje wa Lingadzi, pakati pa tauni yakale ya Lilongwe ndi City Centre. Amayendetsedwa ndi bungwe la Lilongwe Wildlife Trust mogwirizana ndi nthambi ya boma yoyang'anira nyama zakutchire, ndipo bungwe la Born Free Foundation la ku Britain linathandiza powakhazikitsa. Pa nthawi imodzi pamakhala nyama pafupifupi 200.

Zambiri mwa izo ndi za m'dziko momwe muno. Apusi ndi anyani ndiwo ochuluka, kenako pamabwera nchima, agwape, mbawala, njuzi, afisi, achanga, akadzidzi, akamba, nsato ndi ngaka. Iliyonse ili ndi njira imene inafikira. Nyani wamkazi akaphedwa m'munda wa chimanga kapena pofuna ndiwo, mwana amapezeka atakangamira pamimba pa mtembo wa make, ndipo wakupha uja amakam'gulitsa m'mbali mwa msewu. Wogula amam'lera ngati khanda, kum'mwetsa tiyi ndi kum'dyetsa nsima, mpaka mano atatalika ndipo wayamba kuluma ana a pakhomo. Zikatero amam'manga unyolo m'chiuno n'kum'siya patsinde pa mtengo. Nyani amakula koma unyolo sukula, choncho umalowa m'mnofu, ndipo ena amafika kwa madokotala khungu litamera pamwamba pa chitsulo.

Gwape wamng'ono amathawa moto umene anyamata ayatsa posaka mbewa, kapena amatoledwa ndi munthu wa mtima wabwino amene wam'peza ali yekha m'udzu, osadziwa kuti make amam'bisa dala popita kukadya. Fisi ndi njuzi zimakodwa m'khwekhwe la waya limene anatchera nguluwe. Kadzidzi amagendedwa chifukwa anthu amati kulira kwake padenga n'kwa mfiti. Ngaka imafika m'thumba, apolisi atailanda kwa ofuna kuigulitsa, nthawi zina itatha masiku osadya kapena kumwa. Womvetsera mbiri zimenezi imodzi ndi imodzi amaona chinthu chobwerezabwereza: pafupifupi nyama iliyonse pamalopo inafika chifukwa cha dzanja la munthu. Zovulazidwa ndi nyama zinzake kapena zofooka ndi ukalamba n'zochepa, popeza zotero zimafera kutchire komweko popanda wozitola.

Apa ndiye pagona funso limene mlendo woganiza amachoka nalo pamalo otere. Udindo wa munthu pa chiweto chake ndi wosakayikitsa, pakuti ng'ombe imam'kokera ngolo ndipo nkhuku imamuikira mazira. Koma pusi salimira munthu, sam'londera nyumba, ndipo akapeza mpata amam'bera chimanga. Kodi munthu ali ndi mangawa anji kwa iye? Ngati alipo, akuchokera pa phindu, pa chifundo, pa lamulo la Mulungu, kapena pa china? Funsoli si la anthu okhuta okha. Yankho lake ndilo limanena nyama yoyenera kupulumutsidwa ndi yoyenera kusiyidwa, mmene iyenera kusungidwira, ndi chimene mlendo angapemphe akafika pachipata.

Yankho lofulumira ndi la phindu: nyama zimakopa alendo, alendo amabweretsa ndalama. Zimenezi n'zoona pa njovu ndi mikango ya ku Majete, koma palibe amene amakwera ndege kudzaona kadzidzi wothyoka phiko. Yankho lachiwiri ndi la akatswiri a zachilengedwe, amene amati chofunika ndi mtundu wonse wa nyama pamodzi ndi malo amene umakhala. Maganizowa anawafotokoza bwino Aldo Leopold wa ku America m'buku lake la mu 1949, A Sand County Almanac, ndipo amakwanira bwino pa ngaka. Nyamayi kawirikawiri imabala mwana mmodzi pachaka, mamba ake amafunidwa kwambiri ku Asia ngati mankhwala ngakhale kuti sasiyana ndi zikhadabo za munthu pa kapangidwe, ndipo mu 2016 msonkhano wa mayiko a m'pangano la CITES ku Johannesburg unaletseratu malonda a mitundu yonse 8 ya ngaka pakati pa mayiko. Ngaka imodzi yobwerera kutchire imawerengeka. Pusi sali choncho. Apusi ndi ambiri mu Africa muno, ndipo mmodzi akafa mtundu wawo sugwedezeka. Potsata maganizo amenewa, ndalama zogulira mkaka wa pusi wamasiye zikanayenera kupita kwa alonda a nkhalango.

Yankho lachitatu limayang'ana pa ululu. René Descartes, m'zaka za m'ma 1600, ankaona nyama ngati makina opanda maganizo, ndipo Immanuel Kant ankati nkhanza kwa nyama n'zoipa chifukwa zimaumitsa mtima wa munthu kwa anthu anzake. Mu 1789 Jeremy Bentham anatembenuza nkhaniyi ponena kuti muyeso ukhale kumva ululu kwa nyama, osati kulankhula kapena kuganiza kwake, ndipo Peter Singer anakuza mfundo yomweyo mu 1975 m'buku la Animal Liberation. Aliyense amene anaonapo mwana wa nyani akudzikumbatira yekha n'kumagwedezeka pakona ya khola sangakane kuti mfundoyi ili ndi choonadi. Vuto lake n'lakuti payokha imapita patali kuposa pamene ambiri angaitsatire. Ngati ululu uliwonse wa nyama ndi mlandu wa munthu, ndiye kuti nswala iyenera kulanditsidwa m'kamwa mwa mkango, ndipo chisa chilichonse chiyenera kulonderedwa kuti njoka isafikepo. Malo opulumutsirako nyama sachita zimenezi, ndipo akulondola posatero. Ndiye kuti pali china chimene chimasiyanitsa gwape wogwidwa ndi kambuku ndi gwape wogwidwa ndi waya, ngakhale ululu wawo ndi umodzi.

Achewa anaganizapo kale za kusiyana kumeneku, ndipo maganizo awo anawasunga m'nthano ya chilengedwe ya pa Kaphirintiwa, m'mapiri a Dzalanyama kumalire a Malawi ndi Mozambique. Nthanoyi, imene Matthew Schoffeleers ndi Adrian Roscoe anailembanso m'buku lawo la mu 1985, Land of Fire, imati Chauta anatsitsa mwamuna ndi mkazi pamodzi ndi mvula yoyamba, atanyamula khasu, lichero ndi mtondo. Nyama zinatsika nawo, Chauta mwini anatsikanso, ndipo onse anaponda pathanthwe lofewa n'kusiyapo mapazi. Ankakhala pamodzi mwamtendere mpaka tsiku limene munthu anapeka timitengo tiwiri, kofewa ndi kolimba, n'kutulutsa moto. Anam'chenjeza koma sanamve. Tchire linayaka. Galu ndi mbuzi anathawira kwa munthu n'kukhala ziweto, pamene njovu, mkango ndi zinzake zinathawira kunkhalango zitadzazidwa ndi mkwiyo. Bilimankhwe anakwera mumtengo, ndipo Chauta, amene sakanatha kukwera, anakwezedwa kumwamba ndi ulusi wa kangaude. Ali kumeneko analamula kuti munthu azifa.

Chochititsa chidwi m'nthanoyi ndi pamene yaika mlandu. Nyama sizinayambe udani. Kulusa kwawo ndi mantha awo ndi zotsatira za zimene munthu anachita, ndipo moto womwewo umene unam'lekanitsa ndi nyama unam'lekanitsanso ndi Mulungu. Nthano siinena kuti moto ndi woipa, pakuti popanda moto palibe nsima, palibe khasu, palibe mudzi. Imangovomereza kuti kutukuka kwa munthu kunapweteka ena. Gule wamkulu, amene UNESCO inamuika m'gulu la chuma cha chikhalidwe cha dziko lonse lapansi mu 2005, akatswiri ena monga Schoffeleers amam'tanthauzira ngati kubwerera kwa kanthawi ku mtendere wakalewo. Pamaliro, zilombo monga Kasiyamaliro ndi Njovu zimachoka kudambwe n'kulowa m'mudzi, ndipo anthu, mizimu ndi nyama zimakumana pabwalo limodzi. Gule akatha zilombo zimabwerera kutchire, palibe amene amazimanga pakhomo.

Izi sizitanthauza kuti makolo sankapha nyama. Uzimba unali ntchito yolemekezeka, mbuna zinkakumbidwa, ndipo malonda a minyanga ya njovu anayenda m'dziko la Maravi kwa zaka mazana. Koma kupha kunali ndi malire. Mlenje ankadzisunga asanapite kutchire, mfumu inkalandira gawo lake, kumanda ndi kunkhalango za kachisi sikunkasakidwa, ndipo nsato inkalemekezedwa ku Msinja kwa Makewana ndi ku Khulubvi kwa Mbona chifukwa cha ubale wake ndi mvula. Tchire linali ndi mwini wake, ndipo munthu ankalowamo podziwa zimenezo.

Chikhristu ndi Chisilamu, zipembedzo za Amalawi ambiri lero, zimanena za mwini yemweyo m'njira zawo. Anthu amakonda kutchula Genesis 1, pamene munthu akupatsidwa ulamuliro pa nsomba, mbalame ndi nyama, ngati chilolezo chochitira chilichonse. Koma chaputala chotsatira chimaika munthu m'munda kuti aulime ndi kuusunga, ndipo pangano la pambuyo pa chigumula likupangidwa ndi Nowa pamodzi ndi zamoyo zonse zotuluka m'chingalawa. M'machaputala omaliza a Yobu, Mulungu akuonetsa ukulu wake poloza mkango, khwangwala, bulu wakutchire ndi nthiwatiwa, zolengedwa zopanda ntchito kwa munthu zimene iye amazisamala yekha. Salimo 50 limanena poyera kuti nyama zonse za m'nkhalango ndi zake.

Malamulo a m'buku la Eksodo, machaputala 21 ndi 22, ndiwo amafika pafupi kwambiri ndi zimene zimaoneka ku Lingadzi. Munthu akakumba dzenje osalivundikira, ng'ombe kapena bulu n'kugweramo, wokumbayo ayenera kulipa. Munthu akayatsa moto, motowo n'kulusa mpaka kutentha munda wa mnzake, woyatsayo ayenera kulipa. Sanafune kupha ng'ombeyo, sanafune kutentha mundawo, komabe mlandu ndi wake. N'zoona kuti malamulowa akunena za chuma cha munthu mnzake, ndipo malipiro amapita kwa mwini chiweto kapena mwini munda. Koma ngati nyama zakutchire nazo zili ndi mwini, monga Salimo lija likunenera, dzenje ndi moto zikazivulaza mlanduwo sungafafanizike chifukwa chakuti mwiniyo sabwera kubwalo kudzadandaula. Deuteronomo 22 amafika mpaka pa chisa cha m'njira, poletsa wochipeza kutenga mbalame yaikazi pamodzi ndi ana ake.

M'Chisilamu munthu ndi khalifa, wosungitsidwa dziko amene adzafunsidwa za mmene analisungira, ndipo Qur'an imaona nyama ndi mbalame ngati magulu ofanana ndi a anthu. Mu Hadith muli nkhani ya mkazi amene analangidwa chifukwa chotsekera mphaka osam'patsa chakudya kapena kum'masula kuti adzisakire, ndi ya munthu amene anakhululukidwa machimo chifukwa chomwetsa galu waludzu. Nkhani ina imasimba kuti anzake a Mtumiki Muhammad atatenga ana a mbalame, make n'kumawazungulira akukupiza mapiko, Mtumiki analamula kuti anawo abwezedwe kwa make. Sanawauze kuti akawalere bwino kunyumba.

Miyambo itatuyi ikaikidwa pamodzi imaloza ku yankho lachinayi, limene likuoneka lolimba kuposa ena aja: ntchito ya malo opulumutsirako nyama ndi kulipa mlandu. Kubwalo la mfumu, mbuzi za munthu zikadya chimanga cha mnzake, mwini mbuzi akapereka thumba la chimanga palibe amene amam'tamanda kuti ndi wachifundo, pakuti wangobweza zimene zinawonongeka chifukwa cha iye. Chifundo munthu amachita akafuna, ndipo amasankha yekha woti am'chitire, pamene ngongole siipereka mpata wosankha. N'chifukwa chake pusi, ngakhale mtundu wake suli pangozi, ali ndi malo pafupi ndi ngaka: amene anapha make ndi munthu. N'chifukwa chakenso nswala ya m'kamwa mwa mkango imasiyidwa, pakuti pamenepo munthu sanalakwe kanthu. Gulu la madokotala ndi alonda limene Lilongwe Wildlife Trust ndi boma amatumiza m'nkhalango zotetezedwa limayenda m'malire omwewa. Ntchito yake yaikulu ndi kugoneka nyama monga njovu ndi mankhwala kuti lichotse waya wa khwekhwe kumwendo kapena kuchitamba.

Ngati ndi ngongole, chobwezedwa chiyenera kufanana ndi cholandidwa. Nyani wa pa unyolo analandidwa zambiri kuposa thanzi. Analandidwa gulu, mitengo, mantha oyenera ndi ufulu wodzisankhira kolowera, ndipo njira yobwezera zimenezi ndi yaitali. Nyama yatsopano imasungidwa payokha kwa masabata angapo ikuyezedwa matenda monga chifuwa chachikulu, chimene chimapatsirana pakati pa anthu ndi anyani. Wamasiye amayamwa botolo usana ndi usiku, koma akangolimba amaperekedwa kwa pusi kapena nyani wamkazi woti akhale make wom'lera. Poyamba amaonana kudzera pa waya, kenako amawatsegulira kakhomo kakang'ono kodutsa mwana yekha, kuti akachita mantha athawire kwake. Mayiyo akam'landira, n'kuyamba kum'pesa ubweya ndi kum'nyamula, onse awiri amalowetsedwa m'gulu pang'onopang'ono. Kupanga gulu lolimba kuchokera ku nyama zosadziwana, zina zimene sizinakhalepo ndi zinzake kuyambira zili makanda, kumatha kutenga zaka.

Gulu likakhazikika limayesedwa ngati likudziwa kuopa. Osamalira amaonetsa zifanizo za njoka kapena kambuku n'kuona ngati anyaniwo akulira mochenjezana ndi kuthawira m'mwamba. Kenako limatengedwa kunkhalango, ndipo magulu angapo a ku Lilongwe anamasulidwa ku Kasungu National Park. Kumeneko limayamba lakhala mumpanda kuti lizolowere malo, chipata chimatsegulidwa, chakudya chimachepetsedwa pang'onopang'ono, ndipo ofufuza amalitsatira kwa miyezi mothandizidwa ndi makolala a wailesi. Ngaka imavuta mwa njira ina. Ilibe mano, imadya nyerere ndi chiswe basi, ndipo kawirikawiri imakana kudyera m'mbale. Choncho wosamalira amayenda nayo m'tchire kwa maola angapo tsiku lililonse, iyo ikufukula, iye akungotsatira m'mbuyo, mpaka italemera mokwanira kuti imasulidwe.

M'ntchito yonseyi muli chinthu chovuta pamtima. Wosamalira amene wadzuka usiku kwa miyezi kuyamwitsa wamasiye ayenera kuyesetsa kuti nyamayo imuiwale, ngakhale kumuopa kumene. Nyani wozolowera anthu akamasulidwa amalunjika kumudzi woyamba, ndipo kumeneko amakumana ndi agalu ndi mikondo. N'chifukwa chake pamalo oyendetsedwa bwino ogwira ntchito sacheza ndi nyama, saisisita, ndipo saiyandikira popanda chifukwa. Anthu ambiri amaganiza kuti kukonda nyama ndi kukhala nayo pafupi. Wogula nyani wa pamsewu uja nayenso ankam'konda, ndipo chikondi chimenecho ndicho chinathera pa unyolo. Wosamalira amadziwa kuti wagwira bwino ntchito akaona nyama imene analera ikum'thawa ngati mmene ingathawire munthu wina aliyense.

Si ngongole yonse imene ingabwezedwe. Kadzidzi wakhungu, nyani amene mbuye wake anam'zula mano, kapena nyama yobadwira m'khola kudziko lina sizingapite kutchire. Chitsanzo chodziwika ndi Bella, mkango waukazi wa diso limodzi umene unachotsedwa ku zoo ina ya ku Romania n'kufika ku Lilongwe mu 2009, kumene unakhala zaka zake zotsala. Kwa zotere chotheka ndi chipepeso chabe: mpanda waukulu wa mitengo yachilengedwe, zinzake za mtundu wake, ndi pobisala. Zimaletsedwanso kubereka, chifukwa mwana wobadwira mumpanda ndi mkaidi watsopano, ndipo amatenga malo a wovulala wa mawa. Pamene ululu sungachizike, madokotala amagoneka nyamayo kuti isadzukenso. Okhulupirira ena zimenezi zimawavuta, poti moyo ndi wa Mulungu, ndipo kuvutika kwawo mumtima n'komveka. Komabe kusunga nyama yothyoka msana kuti izingopuma, pofuna kuti mtima wa munthu ukhale m'malo, ndi kuwonjezera mlandu pa mlandu unzake.

Zonsezi zimasintha tanthauzo la ulendo wa mlendo. Wopita ku zoo amagula ufulu woona. Wopita kumalo opulumutsirako nyama alibe ufulu umenewo, pakuti nyamazo sizinabwere kudzam'sangalatsa, ndipo zimene zikukonzekera kubwerera kutchire zimasungidwa kumene maso a anthu safika. Ku Lilongwe mlendo amayenda m'tinjira ta m'nkhalango, pansi pa mitengo ya m'mbali mwa Lingadzi, amamva mbalame, mwina amaona mbawala kapena apusi odzikhalira mwaufulu, ndipo amaphunzira mbiri za nyama zimene sakuziona. Ku Zambia, ana a njovu amasiye amene bungwe la Game Rangers International limalera pafupi ndi Lusaka asanapite ku Kafue amaonedwa kuchokera pansanja, chapatali, pa nthawi yochepa yoikika. Alendo ena amabwerera atakhumudwa kuti sanagwire kanthu ndipo alibe chithunzi choika pa Facebook. Kukhumudwa kumeneko kumasonyeza kuti malowo akugwira ntchito yake. Malo amene amalola mlendo kunyamula mwana wa mkango kapena kujambulitsa ndi pusi paphewa asandutsa nyama kukhala katundu kachiwiri, kaya pachipata palembedwa dzina lokoma bwanji.

Phunziro limene alendo ambiri amadabwa nalo ndi lakuti kugula nyama kwa wogulitsa pamsewu, ngakhale pofuna kuipulumutsa, ndi kuitanitsa ina. Wogulitsa akalandira ndalama amadziwa kuti msika ulipo, ndipo nyani wina wamkazi amafa posachedwa. Choyenera ndi kudziwitsa apolisi kapena a nthambi ya nyama zakutchire. Ana a sukulu, amene amafika ambirimbiri chaka chilichonse, ndiwo amapindula kwambiri, poti ambiri a mumzinda amadziwa fisi ndi kalulu m'nthano zokha, ndipo anamva za kadzidzi ngati mbalame ya mfiti asanamve kuti ndi mlenje wa makoswe owononga nkhokwe.

Pali chitsutso chimene sichiyenera kupeputsidwa. M'dziko limene zipatala zimasowa mankhwala ndipo mabanja amagona ndi njala m'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, mlimi ali ndi chifukwa chofunsira kuti bwanji pusi ali ndi dokotala pamene mwana wake alibe. Wa m'malire mwa nkhalango ali ndi zambiri zonena. Anyani angathe kusakaza munda m'mawa umodzi, ndipo ana a mwini mundawo amajomba kusukulu polondera mbewu. Mu 2022 njovu 263 zinasamutsidwa kuchoka ku Liwonde kupita ku Kasungu, ndipo pambuyo pake midzi ya mbali zonse ziwiri za malire a Malawi ndi Zambia inadandaula za minda yowonongedwa ndi za abale ophedwa. Mbiri nayo ili ndi zipsera. Malamulo a atsamunda anasandutsa alenje a m'midzi kukhala akuba pamene azungu ankasaka ndi ziphaso, ndipo anthu anasamutsidwa pamalo a makolo awo ku Kasungu ndi ku Nyika. Munthu wotere akamva kuti ali ndi ngongole kwa nyani, akhoza kuyankha kuti nyaniyo ndiye ali ndi ngongole kwa iye.

Mfundo ya kulipa mlandu ikatsatidwa mpaka kumapeto imamuikira kumbuyo mlimiyu. Ngati wowononga ayenera kubweza, ndiye kuti dziko limene lasankha kusunga njovu pofuna phindu la onse, zowawa zake n'kugwera mabanja ochepa a m'malire, lili ndi mangawa kwa mabanjawo: mpanda wolimba, thandizo lofika msanga, ndi gawo looneka la ndalama za alendo. Kusamala nyama kumene kumaiwala zimenezi n'kopanda chilungamo. Akatswiri a zaumulungu a ku Malawi monga Augustine Musopole ndi Harvey Sindima anatsindika kuti munthu amakhala munthu mwa maubale ake, ndipo Sindima anafutukula ubalewo kufikira zolengedwa zonse zogawana moyo umodzi. M'kaonedwe kameneka mwana wa mlimi ndi pusi wamasiye sali pa mpikisano. Mwana ndiye woyamba, mosakayika konse, koma kukhala woyamba sikufafaniza wachiwiri. Ndiponso ndalama zambiri za malo otere zimachokera kwa anthu amene azipereka chifukwa cha nyama, moti kutseka malowo sikungazisamutsire kuchipatala.

Funso la amene ali ndi ngongoleyo nalo lifunika kuyankhidwa mosakondera. N'kosavuta kuloza mnyamata wotchera khwekhwe, poti ndiye amagwidwa. Lamulo la nyama zakutchire limene linakonzedwanso mu 2017 limalola chilango cha zaka mpaka 30 m'ndende pa milandu yokhudza nyama zotetezedwa kwambiri monga njovu, chipembere ndi ngaka, ndipo lafikaponso kwa akuluakulu a malonda a nyama zakutchire, monga Lin Yunhua wa ku China amene khoti linam'gamula zaka 14 mu 2021. Koma mzere wa olakwa ndi wautali. Muli wogula mamba ku Asia, wodya nyama ya gwape mumzinda, woyendetsa galimoto mothamanga usiku, ndi banja lililonse lophikira makala a mitengo yachilengedwe. Mlendo wa ku Area 47 kapena ku Kawale amene sanagwirepo waya chibadwire ali mumzerewo kudzera m'mbaula yake, ndipo ndalama imene amapereka pachipata angachite bwino kuiona ngati gawo lake la malipiro.

Malire aakulu a ntchitoyi ndi nkhalango yeniyeniyo. Nyama yochira imafuna kopita, ndipo posankha malo akatswiri amayang'ana madzi a m'chilimwe, mitengo ya zipatso, magulu ena amene alipo kale, kutalikira kwa minda ndi mphamvu ya alonda. Malo okwaniritsa zonsezi akuchepa. Ngakhale pamalo abwino, si zonse zomasulidwa zimene zimapulumuka: zina zimagwidwa ndi akambuku ndi ziwombankhanga, imene ndi imfa ya kutchire, ndipo zina zimakodwanso mu waya. Nkhalango ya Dzalanyama, kumene kuli Kaphirintiwa ndiponso kumene kumachokera mtsinje wa Lilongwe umene anthu ambiri a mumzinda wa Lilongwe amamwa, yadulidwa kwambiri ndi owotcha makala moti mu 2015 boma linatumizako asilikali a nkhondo kukailondera. Madokotala a ku Lingadzi angathe kusoka bala ndi kulera wamasiye, koma gawo limeneli la ngongole lili m'manja mwa ophikira makala, a nthambi ya zankhalango, mafumu ogawa malo ndi aphungu okonza malamulo. Kuchuluka kwa nyama zimene malo opulumutsirako angamasule m'zaka zikubwerazi kudzadalira kukula kwa nkhalango imene idzakhale itatsala.